Kasungidwe ka Katundu wa Sukulu Pakhomo: Nkhokwe Payokha, Chikwama Pachokha

Teremu ina ndinagula mapensulo 12 ndi makope okwanira ana anga atatu sukulu isanatsegulidwe. Usiku wa Lamlungu ndinawagawira zonse, aliyense mapensulo anayi ndi mulu wake wa makope, mtima uli m'malo kuti za zolembera tathana nazo mpaka Disembala. Sabata yachitatu isanathe, wamng'ono anandikoka chitenje m'mawa ndikukoleza moto pambaula: "Amayi, ndilibe cholembera." Nditafunsa akulu ake awiri, nawonso analibe. Kope limodzi latsopano ndinalipeza kuseri kwa thumba la chimanga makoswe atalidya m'mbali, lina linali litathothoka masamba onse.

Ana anga sanali osasamala kuposa a anthu ena. Vuto linali loti anapatsidwa nkhokwe yonse m'manja. Kumudzi palibe mayi amene amapakula chimanga chonse m'nkhokwe tsiku limodzi n'kuchiunjika kukhitchini. Amatapa chopita kuchigayo chokha, chotsalacho chimakhala chofoleredwa bwino. Katundu wa sukulu amafunanso choncho: malo amodzi osungirako zatsopano, amene amatsegula ndi kholo, ndi malo ena a zimene mwana akugwiritsa ntchito sabata ino.

Maphunziro a pulayimale ndi aulere chiyambire 1994, koma kope, cholembera ndi chikwama kawirikawiri zimachokabe m'thumba mwa kholo. Ndipo chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wogula makope akudziwa mmene mtengo wake ukupwetekera. Nyumba yathu ndi yalendi, ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, ilibe desiki kapena kabati ya mabuku. Zonse zimene ndifotokoze pano zimatheka ndi ndowa imodzi, makatoni, njerwa zochepa, thabwa ndi misomali.

Choyamba: zonse zibwere pamphasa

Sankhani Loweruka m'mawa, makamaka kutatsala masabata awiri kuti teremu iyambe. Yalani mphasa pakhonde kapena pabalaza, muitane ana onse, aliyense akhuthule chikwama chake mpaka pansi. Kenako afufuze kunsi kwa bedi, kuseri kwa mipando, pawindo, m'matumba a yunifomu, m'dengu la zovala zakuda, ndi paliponse pamene pepala lingabisale. Musakalipe pa zimene zitatuluke. Mukayamba kukalipa, mwana amabisa kope long'ambika m'malo molitulutsa, ndiye ntchito yonse yapita pachabe.

Zikaunjikana, zigaweni milu inayi: zabwinobwino, zofuna kukonza, zasukulu kapena za eni ake zoyenera kubwezedwa, ndi zotha ntchito.

Mulu wa zofuna kukonza ndi umene umapulumutsa ndalama zambiri, choncho muufatsire. Chikwama chimene chaduka lamba chimangofuna telala kapena wosoka nsapato wa pamsika. Zipi imene ikutseguka kumbuyo nthawi zambiri imakhala kuti kamutu kake kakhwepa, ndipo kukapana pang'ono ndi pulayala imagwiranso. Ikamalimba poyenda, ipakeni kandulo m'manomo. Kope limene lachoka chikuto limasokedwa pakati ndi singano ndi ulusi wolimba. Makope amene alembedwa theka, werengani masamba otsala. Mukazula masamba oyera m'makope atatu kapena anayi n'kuwasokera pamodzi, mwapeza kope loyeserera masamu kunyumba popanda kutulutsa ndalama.

Buku lililonse lokhala ndi chidindo cha sukulu liikeni padera kuti libwerere tsiku loyamba. Mabuku a pulayimale amene amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi sakwanira mwana aliyense m'masukulu ambiri, ndipo buku limodzi likagona kunsi kwa bedi lanu, kuli ana angapo amene akuunjikana pa buku lina.

Chachiwiri: funsani kaye, mugule pambuyo

Safunsa anadya phula. Musanapite kumsika, dziwani kwa aphunzitsi a kalasi imene mwana akulowa kuti akufuna makope angati, amtundu wanji. Mwana wa Sitandade 1 safuna zofanana ndi wa Sitandade 7. Wamng'ono amafuna makope opyapyala, pensulo ndi zowerengera. Wamkulu amafuna kope pa phunziro lililonse, la masamu likhale la timabokosi ngati aphunzitsi atero, bolopeni, rula ndi seti ya masamu. Ku sekondale kumabwera makope akuluakulu a chikuto cholimba aja a hadikava. Pachikuto pamalembedwa 2 quire kapena 3 quire: loyambalo limakhala ndi masamba 192, linalo 288. Phunziro lolemba manotsi ambiri lipatseni lalikululo kuti mwana asamadule manotsi pakati pa chaka.

Lembani mndandanda wa mwana aliyense papepala limodzi, muchotsepo zimene mwapeza kale pamphasa paja. Chotsalacho ndicho mukagule. Ngati n'kotheka, gwirizanani makolo awiri kapena atatu mukagule paketi yathunthu kusitolo yapikulitsa n'kugawana, chifukwa kugula limodzilimodzi pa okala m'mawa wa sukulu ndi kumene kumadula kwambiri.

Pa chikwama ndilankhulepo pang'ono. Zikwama zonyezimira za zithunzi zokongola zija ana amazilirira, koma zambiri ndi chikomekome cha mkuyu. Chitembenuzeni muone msoko wa m'kati, kokani malamba mwamphamvu pamene alumikizana ndi chikwama, yendetsani zipi kangapo. Ine ndimakonda cha kaunjika cha nsalu yokhuthala kusiyana ndi chatsopano chopyapyala. Ndipo ngati ndalama ya chikwama palibe, telala amasoka chabwino kuchokera ku chitenje chopinda kawiri kapena ku jinzi yakale, chokhala ndi lamba wopachika paphewa.

Chachitatu: konzani nkhokwe

Apa ndiye pagona nkhani. Pezani ndowa yapulasitiki ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro chothina. Zija zobwera ndi mafuta ophikira zimachita bwino, koma muitsuke ndi sopo ndi madzi otentha mpaka fungo lonse litatha, n'kuiyanika padzuwa tsiku lathunthu, chifukwa kafungo ka mafuta kamaitana makoswe ndi nyerere. Ndowa imene munasungiramo mankhwala a m'munda kapena a chimanga musaigwiritse ntchito ngakhale itaoneka yoyera. Sutikesi yakale yotsekeka bwino imathanso kugwira ntchitoyi, koma ndowa imaposa chifukwa chiswe sichiiboola, mphemvu sizilowa, ndipo denga likadontha usiku madzi amangotsetsereka pachivindikiro.

Pansi pa ndowa yalani nyuzipepala youma. Makope atsopano muwaike m'jumbo yokhuthala, muwaimike chilili kuti musamavutike kutulutsa limodzi. Mapensulo ndi mabolopeni amangeni ndi mphira, muwaike m'chitini kapena m'botolo lodula pakamwa. Malabala, zosongolera, guluu, selotepi, singano ndi ulusi zikhale m'kachitini kena. Ena amaponyamo masamba ouma a nimu kuti tizilombo tisayandikire, ndipo ine ndimatero. Chimene sindingalole n'kuwaza mankhwala ophera tizilombo pa makope. Ana amanyambita chala potsegula tsamba, aang'ono amaluma pensulo.

Kunsi kwa chivindikiro matani pepala, mulembepo zimene zili m'katimo ndi chiwerengero chake. Nthawi iliyonse mukatulutsa kanthu, lembani tsiku ndi amene walandira. Zimaoneka ngati zochulutsa ntchito, koma pakatha teremu imodzi pepalali limakuuzani zoona zimene mutu sungasunge: ndi mwana uti amene amamaliza msanga makope a masamu, ndi uti amene amataya bolopeni sabata iliyonse, ndipo teremu yamawa mugule zingati. Kwathu ndi pepala limeneli limene linandionetsa kuti wachiwiri amalandira pensulo kawiri pa sabata. Nditamufunsa modekha anandiuza kuti pali mnzake wa m'kalasi amene amabwera wopanda cholembera, ndipo iye amamupatsa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kuyambira pamenepo ndimawerengera pensulo imodzi yapadera pa mwezi, koma yoperekedwa ife tikudziwa.

Lamulo la nkhokwe ndi limodzi: chatsopano chimatuluka chakale chikaonetsedwa. Wofuna kope abweretse lodzaza, tione limodzi kuti lalembedwa mpaka tsamba lomaliza, mbali zonse ziwiri. Wofuna bolopeni abweretse youma. Wofuna pensulo abweretse kachidutswa kotsala. Akataya, asaname, anene kuti yatayika, alandire ina, koma zilembedwe. Mwana asapite kusukulu wopanda cholembera pofuna kumulanga, chifukwa amene amaluza ndi maphunziro a tsikulo.

Ndowayi ikhale kuchipinda kwa makolo, pamwamba pa njerwa kapena pampando. Ndipo onse akuluakulu a pakhomo adziwe lamuloli. Ngati amayi akukana koma abambo kapena agogo akutsegula mwana akangolira, nkhokwe sikhalitsa.

Chachinayi: mwana aliyense akhale ndi pake

Sankhani khoma limodzi louma, kutali ndi mbaula, ndowa za madzi ndi matumba a chimanga. Yang'anani kudenga: pamene pali banga la madzi kapena bowo la msomali pamalata, pamenepo ayi. Kumbukirani kuti m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi malata amatha kudontha mame m'mawa ngakhale kulibe mvula.

Khomani msomali wa mwana aliyense molingana ndi phewa lake, kuti ngakhale wa Sitandade 1 apachike yekha chikwama osadikira munthu. Ngati nyumba ndi yalendi ndipo eni ake safuna misomali yambiri pakhoma, khomani misomaliyo pa kathabwa kamodzi, kathabwako mukamangirire ndi waya kumtanda wa denga kapena kuseri kwa chitseko. Chikwama chisagone pansi. Simenti imatulutsa chinyontho nthawi ya dzinja, ndipo m'nyumba yozira chiswe chimatha kulowa m'makope usiku umodzi wokha.

Kunsi kwa misomaliyo ikani thabwa pamwamba pa njerwa, zitatu mbali iyi zitatu mbali inayo. Lisagunde khoma, siyani mpata wolowa dzanja kuti mphepo izidutsa komanso kuti muzitha kuona ngati chiswe chayamba kumanga njira yake. Pathabwapo mwana aliyense akhale ndi katoni yake. Makatoni a sopo kapena a mabisiketi amene amapezeka kugolosale ndi okwanira. Dulani mbali yakutsogolo mopendeketsa kuti makope aziimirira misana yake ikuoneka. Kope lalikulu la A4 ndi lotalika pafupifupi masentimita 30, choncho katoni isafupike kwambiri kumbuyo kwake, makope angapindike. Makope oimirira amatuluka limodzilimodzi. Ounjikidwa, mwana amakoka lapansi n'kugwetsa onse.

M'katonimo mumakhala makope ndi mabuku amene sakupita kusukulu tsiku limenelo. Katoni ya wina, mnzake asaigwire popanda kupempha. Kumene kuli ana ambiri mikangano yochuluka ya m'mawa imayambira pa "wanditengera rula", ndipo imachepa aliyense akadziwa malire ake. Kwa wamng'ono amene sanayambe kuwerenga, mangani kansalu ka mtundu umodzi pa msomali wake, pachikwama chake ndi pakatoni yake.

Ngati pakhomo pali mwana wokwawa kapena woyamba kumene kuyenda, thabwalo likwezeni kapena makatoniwo akhale pamwamba pa kabati. Kamwana kotere kakagwira kope la mkulu wake sikalisiya lamoyo.

Chachisanu: kukuta ndi kulemba dzina

Kope losakuta silimaliza teremu. Pepala la khaki ndi labwino, koma kalendala yakale yotembenuza imalimba kuposa, ndipo nyuzipepala yopinda kawiri imathandiza ngati palibe china. Yalani pepala, ikani kope lotsegula pakati, siyani zala zitatu kuzungulira, dulani timipata tiwiri pamsana pamwamba ndi pansi, pindirani m'kati, n'kumata ngodya ndi selotepi. Selotepiyo igwire pepala lokutiralo lokha, makamaka pa buku lasukulu, kuti pochotsa chikuto chisang'ambike. Mukakhala ndi pulasitiki yoonekera, kutaninso pamwamba makope a maphunziro olowa tsiku lililonse monga Masamu, Chichewa ndi Chingerezi.

Mwana wa Sitandade 4 kupita m'tsogolo akute yekha inu mukuyang'ana. Loyamba lidzakhala lopindika, lachitatu lidzaoneka bwino.

Dzina, kalasi ndi phunziro zilembedwe kunja, koma dzinalo lilembedwenso m'kati, patsamba lapakati pomwe pali mawaya. Chikuto chimatha kuchoka kapena kuchotsedwa dala, tsamba lapakati anthu saliganizira. Pamsana pa kope pakani kachizindikiro ka mtundu wosiyana pa phunziro lililonse, kapena lembani chilembo choyamba chachikulu, kuti mwana alizindikire lili chiimirire m'katoni. Pa rula, seti ya masamu ndi kalikuleta, kandani dzina ndi nsonga ya msomali, inki imafufutika. Pa juzi ndi yunifomu, sokani dzina ndi ulusi m'kati mwa kolala.

Chachisanu ndi chimodzi: tinthu ting'onoting'ono

Timeneti ndi timene timasowa kwambiri. Kwa ana a makalasi oyamba, dulani pensulo pakati, mupereke theka. Dzanja lawo ndi laling'ono, theka limagwirika bwino, ndipo ikatayika mwataya theka lokha. Chekani kamzera kozungulira kumapeto kwake, mumangepo ulusi wolimba, mbali inayo muimangirire ku zipi kapena ku lamba wa m'kati mwa chikwama. Ulusiwo ukhale wotalika moti alembe momasuka, koma usapachikidwe m'khosi. Labala nayenso mudule pawiri kapena patatu.

Kusongola kuchitike kunyumba madzulo, ndi chosongolera chimene chimakhala pathabwa paja. Lezala lisapite kusukulu. Ana amadzicheka nalo, amabwerekana likadali ndi magazi, komanso limadya pensulo msanga chifukwa mwana amasema mopitirira.

Aliyense akhale ndi kathumba ka zolembera. Telala amakasoka ndi zidutswa zotsala, ngakhale sokosi yoyera imene inasowa inzake imagwira ntchito mukaimanga pakamwa. Bolopeni isakhale m'thumba la malaya kapena padzuwa. Kukatentha mu Okutobala inki imatuluka n'kuononga yunifomu. Seti ya masamu ipite tsiku limene ikufunika lokha, ndipo pobwera muwerenge zam'katimo, chifukwa kampasi ikasowa seti yonse yatha ntchito.

Zowerengera za ana a Sitandade 1 ndi 2, kaya ndi timitengo kaya zitsekerero za mabotolo, zimamwazika nyumba yonse mukazilekerera. Timitengo timangeni m'mitolo ya khumikhumi ndi mphira. Zitsekerero zibooleni pakati ndi msomali, muzitunge pa chingwe kapena pa waya wopinda nsonga. Mwana amawerenga pozikankha, ndipo palibe chimene chimagwa.

Chachisanu ndi chiwiri: m'kati mwa chikwama

Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala kuli ng'amba, koma teremu yoyamba isanathe mvula imakhala yayamba, ndipo teremu yachiwiri yonse imagwa m'dzinja. Musadikire mvula yoyamba. Kuyambira Novembala makope onse alowe kaye m'jumbo yokhuthala, pakamwa papindidwe kawiri, kenako alowe m'chikwama. Mapaketi a shuga a 1 kg ana akhala akunyamuliramo makope ang'onoang'ono kuyambira kale, ndipo amagwirabe ntchito. Pa makope aakulu pezani jumbo yolimba imene ingathe teremu yonse.

Chakudya chisakhudzane ndi pepala. Mandasi, zitumbuwa ndi chigumu zimasiya mafuta amene amalowerera masamba ambiri, inki sigwiranso pamenepo, ndipo usiku khoswe amatsata fungolo n'kuboola chikwama. Kamba alowe m'kontena yotseka, m'thumba lakunja la chikwama. Botolo la madzi likhalenso kunja, loimirira. Kumasukulu kumene ana amalandira phala, monga kumene kumafika Mary's Meals imene inayamba ntchito yake m'Malawi muno mu 2002, kapu ndi supuni zikhale ndi kajumbo kakekake, chifukwa pobwerera zimakhala ndi phala lotsalira. Zikafika kunyumba zitsukidwe, ziume, zibwerere m'kajumbo madzulo omwewo.

Onaninso kulemera kwake. Malangizo a zaumoyo amene amaperekedwa kawirikawiri ndi oti chikwama chisapitirire 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera kwa mwana. Ndiye kuti mwana wa makilogalamu 30 asanyamule zoposa makilogalamu anayi ndi theka. Ambiri amalemedwa chifukwa amanyamula makope onse tsiku lililonse poopa kuiwala limodzi. Mabuku olemera akhale kumbali yogunda msana, ndipo malamba onse awiri avalidwe.

Kwa mtsikana amene wakula, msokereni kathumba kena kosaonekera m'kati, kokhala ndi mapadi ndi kabudula wam'kati wapadera. Muzikayang'ana naye awiri, mwakachetechete, kuti kasakhale kopanda kanthu tsiku limene akufuna.

Kope likanyowa ndithu, musaliike pafupi ndi moto kapena padzuwa lamphamvu, limakwinyika n'kuphwanyika. Lowetsani nyuzipepala youma pakati pa masamba angapo aliwonse, muzisintha ikanyowa, kenako liimikeni lotsegula pamthunzi podutsa mphepo. Likatsala pang'ono kuuma, litsekeni n'kulitsindika ndi chinthu cholemera usiku wonse. Masamba amene amatirirana musawakoke akadali onyowa kwambiri.

Chachisanu ndi chitatu: kulongedza ndi kwa madzulo

Zonse zimene takonzazi zimagwa ngati chikwama chikulongedzedwa m'mawa. M'mawa muli madzi osamba, phala, kusesa, wina akufuna sokosi, inunso mukuthamangira minibasi kapena kumunda. Mwana aliyense akopere mndandanda wa maphunziro a sabata, umene iwo amautcha thayimutebulo, muumate pakhoma pamwamba pa msomali wake. Akamaliza homuweki, kusanade kwenikweni, ayang'ane za mawa, atulutse m'chikwama zosafunika n'kuziika m'katoni, alowetse zofunika, asongole pensulo, apachike chikwama. Yunifomu ipachikidwe pambali pake, nsapato zipolishidwe, sokosi zilowe m'nsapatomo. Ngati mawa n'kofunika tsache, khasu kapena chikuni, chiikidwe pakhomo potulukira. Zonsezi sizitha mphindi 10 akazolowera.

Ndimati kusanade chifukwa magetsi amatha kuthima nthawi iliyonse, ndipo kufufuza labala ndi tochi ya foni n'kovuta. Nyali ya sola kapena tochi yowerengera ikhalenso ndi msomali wake pamalo omwewo, ndipo pakhale mwana mmodzi amene ntchito yake n'kuitulutsa padzuwa m'mawa.

Sabata ziwiri zoyamba muyenera kuimirira pomwepo. Musalongedze ndinu. Funsani chabe: "Mawa muli ndi chiyani? Kope la Ulimi lili kuti? Cholembera chikulemba?" Wamng'ono mumugwire dzanja poyamba, koma chikwama atseke yekha. Ngati mumafika usiku kuchokera kuntchito, mwana wamkulu kapena aliyense wotsala pakhomo afunse mafunsowa, inu mudzangoyang'ana pamisomali pofika.

Lachisanu akaweruka, kapena Loweruka pochapa yunifomu, chikwama chikhuthulidwe chonse n'kukung'unthidwa panja. Mumatuluka nyenyeswa, zikonyo za chimanga chootcha, mapepala a maswiti, ndipo nthawi zambiri mumatulukanso kalata ya msonkhano wa makolo imene aphunzitsi anapereka Lachiwiri. Ndi nthawi yomweyi imene ndimatsegula makope n'kuona mmene akulembera, ngati aphunzitsi akuchonga, ndi masamba angati atsala. Kope likatsala masamba asanu, ndimakutiratu lina kuti lisadzathere pakati pa phunziro. Suntheninso makatoni, musese kuseri kwa thabwa, muyang'ane njira za chiswe.

Chachisanu ndi chinayi: mapepala amene sapezekanso akatayika

Awa asasakanikirane ndi makope, ndipo asakhale m'manja mwa ana. Mwana aliyense mumusungire fayilo yapulasitiki kapena envelopu yaikulu yolowetsedwa m'jumbo. M'menemo muikemo masukulu lipoti a teremu iliyonse motsatana, malisiti a fizi ndi a zopereka zina zonse, kalata ya transifa ngati anasinthapo sukulu, chiphaso cha kubadwa, ndi zonse zokhudza mayeso a MANEB: umboni woti munalipira ngati panali zolipira, chitupa cholowera m'chipinda cha mayeso, ndi satifiketi ikadzatuluka. Malisiti a pamakina aja amafufutika okha pakapita miyezi, choncho ajambuleni pafoni tsiku lomwelo kapena muwachititse fotokope.

Mukamaika mapepalawa, yerekezani kalembedwe ka dzina la mwana ndi tsiku lobadwa pa lililonse. Chilembo chimodzi chikasiyana pakati pa chiphaso cha kubadwa ndi kaundula wa kusukulu, pitani mukakonzetse mwana asanalembetse mayeso a Sitandade 8. Kukonza dzina pa satifiketi imene yatuluka kale ndi ulendo wautali.

Mafayilowa akhale m'sutikesi ya zovala zanu zabwino kapena pamwamba m'ndowa ya nkhokwe, pamalo amene mungawatenge msanga. Amene mumakhala kumadera osefukira madzi, monga kuchigwa cha Shire, sungani mapepalawa pamodzi ndi ziphaso zanu m'jumbo imodzi yomanga, yopachikidwa m'mwamba.

Teremu ikatha

Tsiku lotsekera lisadutse chikwama chili chipachikire ndi zam'kati mwake mpaka tchuthi chithe. Khuthulani, chapani chikwama, chiume bwinobwino, muikemo yunifomu yochapa ndi kusita. Zolembera zotsala zibwerere kunkhokwe, apo ayi zithera kujambula pakhoma.

Makope odzaza musafulumire kuyatsira mbaula kapena kupereka kwa ogulitsa mtedza. Mayeso a Sitandade 8 amabwereranso ku zimene mwana anaphunzira m'makalasi a m'mbuyo, a JCE amatenga za Fomu 1 ndi 2, ndipo wolemba MSCE amafuna manotsi ake a Fomu 3 ali bwinobwino. Amangeni ndi chingwe phunziro ndi phunziro, pamwamba muike kapepala kolemba kalasi ndi chaka, muwasunge m'ndowa yachiwiri kapena m'katoni yokutidwa ndi pulasitiki pamalo okwera. Mapepala a mayeso a teremu asungidwenso chimodzimodzi. Mng'ono wake adzayeserera pomwepo. A makalasi oyambirira mukhoza kuwataya, koma ine ndimasungako limodzi la mwana aliyense, lija analembamo dzina lake koyamba.

Wopita kusukulu yogonera komweko, mndandanda wa katundu wake umatidwe m'kati mwa chivindikiro cha sutikesi. Muwerengere limodzi popita, muwerengerenso limodzi tsiku limene wafika, zisanasakanikirane ndi za pakhomo. Musamupatse makope a chaka chonse. A teremu imodzi ndi awiri apadera akwanira.

Mukatha zonsezi tsegulani ndowa, muwerenge zotsala, muyerekeze ndi pepala la kunsi kwa chivindikiro lija, n'kulemba zofunika teremu yamawa. Pepalalo likhale m'kachikwama kanu ka ndalama tchuthi chonse, kuti tsiku limene mwagulitsa mbewu kapena mwalandira malipiro muguleko makope awiri atatu n'kuwaponya m'ndowa, mitengo isanakwere sabata yotsegulira.